Mapapo a mwana wobadwa masiku asanakwane: tikuwononga pati ku nazale?

Namwino wa ku nazale:
Moni nonse pagulu pano. Nkhani yanga ndi ya ana aja amene apulumuka sabata yoyamba koma akafika mwezi, mwezi ndi theka, okosijeni sakuchoka. Ukangochotsa ma prong (timachubu tolowetsa mpweya m'mphuno) mphindi zisanu, saturation (kuchuluka kwa okosijeni m'magazi) yatsika pa 84, nthiti zikulowa mkati, kuyamwa akutopa, sikelo siyikuyenda. M'mabuku amati bronchopulmonary dysplasia, mwachidule BPD, nthenda yokhalitsa ya mapapo a ana obadwa masiku asanakwane. Sindikufunsa za mankhwala odula ayi. Ndikufuna tikambirane zimene manja athu amachita kuchokera ku leba mpaka ku kangaru (kumene mayi amasunga mwana pachifuwa, khungu ndi khungu), zimene zimakulitsa vutoli ndi zimene zimalichepetsa.

Kiliniko ofesa wa pa boma:
Pepani a Sisitala, ndiyambe ndi kutsutsa. BPD ndi nthenda ya kumene kuli ma ventilator (makina opumira mwana) ambiri, kumene ana a masabata 24 amapulumuka. Kuno mwana wa magalamu 800 nthawi zambiri safika n'komwe pa msinkhu woti timutchule kuti ali ndi BPD. Kodi sitikufunsa za ndiwo pamene ufa tilibe?

Dokotala wa ana:
Funso ndi labwino achimwene, koma taonani mbiri yake. William Northway atalongosola nthendayi koyamba ku Stanford mu 1967, ana ake ambiri sanali a masabata 24. Anali akuluko, opitirira masabata 30, ndipo chinawawononga ndi okosijeni wochuluka ndi mphamvu ya makina. Ana a msinkhu umenewo ndi amene adzaza m'nazale zathu, ndipo okosijeni wathu nthawi zambiri ndi wosasakaniza ndi mpweya wamba.

Chachiwiri, ana akupulumuka kuposa kale. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti mwa ana obanika amene anaikidwa pa CPAP ya mtundu wa Pumani (makina olowetsa mpweya wa mphamvu pang'ono m'mphuno kuti mapapo asaphwe), 71% anapulumuka, pamene pa okosijeni wa m'mphuno anapulumuka 44%. Opulumuka akachuluka, a mapapo ovulala nawonso amaonekera.

Ndifotokoze pang'ono zimene zimachitika mkatimo. Mwana wa masabata 28 kapena 30 amabadwa mapapo akumangidwa. Timatumba ta mpweya tenitenito timayamba kuchuluka cha m'ma sabata 36, n'kupitiriza mpaka mwana atakula zaka zingapo. Ntchito yomangayi imasokonezeka ndi zinthu izi: kukoka mapapo mopyola muyeso, kuwasiya akuphwa n'kutseguka n'kuphwanso mpweya uliwonse, okosijeni wochuluka, matenda oyambitsa kutupa, ndi njala. Mapeto ake mwana amakhala ndi timatumba tochepa tikulutikulu m'malo mwa tambirimbiri ting'onoting'ono, ndi mitsempha ya magazi yochepa. Palibe jakisoni wobweza zimenezo. Timati mwana ali ndi BPD ngati akufunabe okosijeni kapena CPAP atakwana masabata 36 powerenga kuyambira pa msambo womaliza wa mayi. Wobadwa pa 29 timamuyeza ali ndi masabata 7.

Mzamba wa ku leba:
Ndiye tiyambire kwathu kuno, chifukwa mapapowo timayamba kuwakonza mwana ali m'mimba. Mayi amene akuoneka kuti achira mkati mwa masiku 7, mimba ili pakati pa masabata 24 ndi 34, alandire dexamethasone (mankhwala othandiza mapapo a mwana kukhwima) 6 mg wobaya pamnofu, maola 12 aliwonse, kanayi. Botolo likakhala la 4 mg pa ml, mlingo ndi 1.5 ml. Ambiri amangokoka botolo limodzi n'kubaya, mayi walandira 4 mg, pa tchati palembedwa 6. Musadikirenso kuti mutsimikize ngati onse anayi akwana. Woyamba aperekedwe pomwepo, ngakhale mukumutumiza ku chipatala chachikulu, ndipo nthawi ilembedwe pa kalata yotumizira.

Koma si wa mayi aliyense wodandaula msana. Kafukufuku wa ACT wa mu 2015, amene anachitikanso ku Zambia, anapereka mankhwalawa m'madera amene msinkhu wa mimba sunkadziwika bwino, ndipo imfa za ana zinakwera m'malo motsika. Wa ACTION wa mu 2020 anawapereka m'zipatala zokhala ndi sikani ndi chisamaliro cha ana, imfa zinatsika kuchoka pa 23.5% kufika pa 19.6%. Phunziro lake: dziwani msinkhu wa mimba, makamaka ndi sikani ya masabata 24 asanakwane, tsimikizani kuti mayi alibe zizindikiro za matenda m'chiberekero, ndipo mwanayo akabadwire kumene kuli CPAP. Nsupa ikasweka nthawi isanakwane, mankhwala opha tizilombo a erythromycin 250 mg kanayi pa tsiku masiku 10, osati co-amoxiclav, ndipo zala zisamalowelowe kuyeza njira popanda chifukwa.

Dokotala wa ana:
Zoona amayi. Ndingowonjezera kuti tisalonjeze zimene dexamethasone sachita. Amachepetsa RDS (kubanika kwa mwana chifukwa mapapo sanakhwime), kukha magazi mu ubongo ndi imfa. Chiwerengero cha BPD pachokha sichitsika kwambiri ndi iyeyu, mwina chifukwa ana amene akanamwalira ndi amene akupulumuka. Phindu lake ku mapapo ndi loti mwana amafika ku nazale wosafuna okosijeni wambiri.

Mphunzitsi wa anamwino:
Ine ndikhale pa ambu bag, kathumba kopopera mpweya ndi dzanja, chifukwa apa mpamene mapapo ambiri amavulala mwana asanakwanitse mphindi ziwiri. Mpweya umodzi wa mwana wotereyu ndi 4 mpaka 6 ml pa kilogalamu. Wa makilogalamu 1.2 akufuna pafupifupi 6 ml, kasupuni ka tiyi kamodzi. Ambu bag ya ana imatenga pafupifupi 240 ml. Munthu akachita mantha n'kufinya ndi dzanja lonse, mukuona nokha. Ku Sweden mu 1997 anayesa pa ana a nkhosa obadwa masiku asanakwane: kupopa kwakukulu kasanu ndi kamodzi kokha kunavulaza mapapo mpaka surfactant (mafuta oteteza timatumba ta mpweya kuti tisaphwe) amene anaperekedwa pambuyo pake sanagwire bwino ntchito.

Choncho finyani ndi zala ziwiri, ka 40 mpaka 60 pa mphindi, chifuwa chingotukuka pang'ono ngati mwana akupuma yekha. Chizindikiro choti mukuchita bwino ndi mtima kukwera kupitirira 100, osati chifuwa kudumpha. Chifuwa chikapanda kutukuka, konzani masiki ndi khosi kaye musanawonjeze mphamvu. Masiki ya saizi 0 ikhale pa tebulo, chifukwa yaikulu imatayitsa mpweya ndipo munthu amalipsira pofinya. Kavalavu kotulutsira mphamvu yopyola kasatsekedwe.

Okosijeni woyambira kwa mwana wosakwana masabata 32 ndi 30%, osati 100%. Popanda blender (chosakanizira okosijeni ndi mpweya wamba), kumbukirani kuti bag yopanda chubu cha okosijeni ikupereka 21%, yolumikiza okosijeni koma yopanda thumba lakumbuyo lija imapereka cha m'ma 40% malinga ndi mtundu wake, ndipo ya thumba imafika 90 kapena kuposa. Probe (kachipangizo koyezera saturation) ikhale pa dzanja lamanja. Saturation ya 60 mpaka 65 pa mphindi yoyamba ndi yoyenera, 80 mpaka 85 pa mphindi 5, 85 mpaka 95 pa mphindi 10. Mwana sabadwa wofiira.

Mzamba wa ku leba:
Ndi kuzizira. Mchombo tidikire mphindi imodzi tisanadule ngati mwana akupuma, osaukama kwa wosakwana masabata 28. Wosakwana masabata 32 alowe m'pulasitiki yoyera kuyambira m'khosi kutsika osamupukuta thupi, mutu wokha ndiwo upukutidwe n'kuvekedwa chipewa. Mawindo atsekedwe, fani izimitsidwe, azamba tipirire thukuta. Mwana wozizira surfactant wake sagwira bwino, amadya okosijeni wambiri, ndiye timamutsegulira wambiri. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti digiri imodzi iliyonse imene mwana watsika pofika ku nazale imakweza imfa ndi 28%. Tikufuna kutentha kwa thupi kwa madigiri 36.5 mpaka 37.5.

Kiliniko ofesa wa pa boma:
Chabwino, ndagonja pang'ono. Koma CPAP tiyambe liti? Makina ndi ochepa, ndiye chizolowezi n'choti timayesa kaye okosijeni wa m'mphuno, akakanika m'pamene timaika.

Dokotala wa ana:
Chizolowezi chimenecho ndicho chikutipweteka. Mapapo opanda surfactant wokwanira amaphwa mwana akatulutsa mpweya. Kubuula kumene mumamva kuja ndi mwana akudzipangira yekha CPAP potseka kholingo. Mukamupatsa okosijeni yekha, nambala pa makina ikwera koma timatumba tikuphwabe n'kung'ambika, ndipo pamwamba pake mwathira okosijeni wochuluka. Wasowa mphamvu yotsegula mapapo, inu mwamupatsa mankhwala ena.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1987 Mary Ellen Avery ndi anzake anayerekeza zipatala zisanu ndi zitatu za ku America, ndipo cha Columbia ku New York, chimene chinkaika ana msanga pa CPAP ya botolo la madzi m'malo mwa ventilator, ndicho chinali ndi nthendayi pang'ono. Malangizo a WHO a 2022 akuti mwana wobadwa masiku asanakwane amene akubanika aikidwe pa CPAP, ndipo wosakwana masabata 32 akhoza kuikidwa atangobadwa. Kwathu tili ndi njira yosankhira mwana woika pa CPAP yotchedwa TRY: thupi lili ndi mphamvu, mwana akubanika, mtima ukupitirira 100. Wolefuka, wosapuma yekha, amafuna bag osati CPAP.

Kuchedwa kuli ndi mtengo winanso. Tikamaika ana atatsala madzi amodzi, amayi a m'wodi amaona kuti wolowa pa makina aja satuluka, ndiye wotsatira amakana. Mayi ndi agogo afotokozeredwe mwana asanafike poipa, aonetsedwe botolo, agwire chubu, amve kuti ndi mpweya chabe.

Namwino wa ku nazale:
Pa kaikidwe ndinenepo, chifukwa CPAP yoikidwa molakwika ndi okosijeni wa m'mphuno wokhala ndi phokoso basi.

Madzi a m'botolo ndiwo mphamvu. Timayamba pa masentimita 5 kapena 6, tikhoza kufika 8. Madzi amauma, ndiye botolo la 6 m'mawa likhoza kukhala 4 usiku. Yang'anani mzere mutawerama kuti diso lifanane ndi madzi, maola anayi aliwonse. Musanaike pa mwana tsekani ma prong ndi zala, madzi abwate, ndiko kuti achite thovu. Akabwata potseka koma n'kusiya ali pa mwana, mpweya ukuthawa: ma prong achepa, atuluka, kapena pakamwa pali yasa. Musathamangire kukweza flow, kuchuluka kwa mpweya wolowa.

Ma prong adzaze mphuno koma khungu lisayere. Pakati pa kamlatho ka ma prong ndi khoma la pakati pa mphuno pakhale kampata ka mamilimita awiri. Mukaona pakhomapo payera, kenako pafiira, mawa pada, ndiye kuti chipewa chomangirako machubu chamasuka ndipo machubu akukokera m'mwamba. Bala la pamphuno limachotsetsa mwana pa CPAP nthawi isanakwane, n'kubwerera ku okosijeni wambiri uja. Pumani satenthetsa kapena kunyowetsa mpweya, choncho madontho a saline m'mphuno maola anayi aliwonse asadumphidwe. Mamina akauma amatseka ngati simenti. Poyamwa mamina musapitirire masekondi 10, ndipo muyamwe pakafunika, osati chifukwa nthawi yakwana. Chubu chodyetsera chidzere pakamwa, chisiyidwe chotsegula pakati pa chakudya kuti mpweya wa m'mimba utuluke. Kansalu kopinda pansi pa mapewa, khosi lisapindike.

Wa makina ku PAM:
A Sisitala anena za botolo, ine wa ku PAM, nthambi yosamalira makina a chipatala, ndinene za mpweya wolowamo. Anthu ambiri sadziwa kuti mwana akulandira maperesenti angati. Tiyeni tiwerenge. Flow yonse ili pa malita 6, concentrator (makina osefa okosijeni mu mpweya wamba) ikutulutsa okosijeni wa 90%. Mukaika lita 1 ya okosijeni, mwana akulandira pafupifupi 32%. Malita 2 ndi 44%. Malita 3 ndi 55%. Kusuntha kampira ka mu flowmeter (choyezera malita a mpweya) mzere umodzi ndi maperesenti oposa 10. Tebulo limeneli limatidwe pa makina, ndipo pa tchati pazilembedwa peresenti, osati "ali pa CPAP" basi.

Mawerengedwe onsewa amagwa ngati concentrator yatopa. Kampira kamakwerabe bwinobwino ngakhale makina akutulutsa 50%, chifukwa kamayeza kuchuluka kwa mpweya osati ubwino wake. Tiziyeza ndi analyser, chipangizo choyezera maperesenti a okosijeni. Ikatsika pansi pa 85% itiitanitseni. Fyuluta yakunja ichapidwe sabata iliyonse, nthawi ya fumbi kawirikawiri, iume isanabwezedwe, ndipo makina asagunde khoma. Vuto lina limabwera tikasintha makina otopa n'kuika atsopano flow ili yomweyo: mwana amene amalandira 35% wangolumphira pa 55% popanda wodziwa. Yezani saturation nthawi iliyonse makina asinthidwa, komanso magetsi akazima n'kusamukira pa silinda, chifukwa wa m'silinda ndi pafupifupi 100%.

Dokotala wa ana:
Apa ndiye pali mutu wa nkhani yonse. Okosijeni ndi mankhwala, ali ndi mlingo, koma ndi mankhwala okhawo m'wodi amene aliyense amakweza osalemba, ndipo palibe amatsitsa.

Mwana wobadwa masiku asanakwane amene ali pa okosijeni akhale pakati pa 90 ndi 95. Pansi pali ngozi: atasonkhanitsa kafukufuku asanu akuluakulu mu 2018, ana amene ankasungidwa pa 85 mpaka 89 anamwalira ambiri, 19.9% poyerekeza ndi 17.1%, ndipo matumbo ankawola kwambiri. Pamwamba palinso ngozi, koma siilira. Pulse oximeter, makina oyezera saturation, ikafika 98, 99, 100 yasiya kukuuzani zoona, chifukwa magazi adzaza. Okosijeni wosungunuka m'magazimo akhoza kukhala woyenera kapena kuwirikiza katatu, nambala ndi yomweyo. Mwana wotere alibe zomuteteza ku ululu wa okosijeni, zimakhwima kumapeto kwa mimba. Ndiye 100 pa mwana wa pa okosijeni si nkhani yabwino yokauza mayi. Ndi mapapo ndi maso akupsa mwakachetechete.

Ikani alamu pa 89 ndi pa 95 kapena 96. Ya pamwambayo ndi imene imazimitsidwa kawirikawiri chifukwa imasokosa. Ichotsedwe pokhapokha mwana ali pa mpweya wamba.

Mphunzitsi wa anamwino:
Ndipo saturation ikatsika, dzanja lisayambe kupita pa kampira. Yang'anani mwana: akupuma? Ngati wasiya, musisiteni, okosijeni sangalowe mwa munthu wosapuma. Kenako probe, ngati mzere wa pa makina ukuvina ndiye kuti nambala ndi yabodza. Kenako mphuno ndi ma prong, kenako botolo ngati likubwata, kenako mimba ngati yatupa. Zonsezi zimatenga theka la mphindi. Zikakhala bwino m'pamene mukweze pang'ono, ndipo amene wakweza ndi amene abwerere pakatha mphindi 10 kapena 15 kudzatsitsa. Zimene zimachitika n'zoti mwana watsika kamodzi 2 koloko usiku podyetsedwa, wakwezedwa pa malita 3, ndipo handova ya m'mawa yamupeza pomwepo ali pa 100. Maola asanu a okosijeni wosafunika, mawa lake chimodzimodzi.

Ana a pa flow splitter, chogawira okosijeni wa makina amodzi kwa ana angapo, asaiwalike. Okosijeni wake ndi wosasakaniza. Theka la lita timaliona ngati pang'ono, koma kwa mwana wa kilogalamu imodzi ndi pafupifupi 60%, ndipo lita yathunthu ndi pafupifupi okosijeni yekhayekha. Pakufunika ma flowmeter otsika mpaka 0.1.

Kiliniko ofesa wa pa boma:
Zonsezi n'zomveka pamene mwana aliyense ali ndi monitor yake. Nanga pulse oximeter ikakhala imodzi, ana khumi ndi asanu, namwino mmodzi usiku?

Namwino wa ku nazale:
Ikhale pa mwana wamng'ono kwambiri wa pa CPAP, n'kumayenda nayo kwa ena onse a pa okosijeni maola awiri kapena atatu aliwonse. Pa mwana aliyense dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri mzere ukhazikike, musalembe nambala yoyamba kuoneka. Chofunika n'choti kuyeza kulikonse kuthere pa chochita: pansi pa 90 fufuzani, 90 mpaka 95 siyani, kupitirira 95 tsitsani. Ndipo a kiliniko ofesa, lembani pa tchati kuti namwino ali ndi chilolezo chotsitsa. Ambiri satsitsa poopa kuti mwana akaipa mlandu ukhala wawo, pamene wokweza safunsidwa kanthu.

Wa ku famase:
Mankhwala amene ali ndi umboni wolimba pa BPD, otsika mtengo poyerekeza ndi ena, ndi caffeine citrate, mankhwala othandiza mwana kuti asaiwale kupuma. Mu kafukufuku wa CAP wa mu 2006, pa ana a magalamu 500 mpaka 1250, ofunabe okosijeni pa masabata 36 anali 36% mwa olandira caffeine, 47% mwa osalandira. Mlingo woyamba 20 mg pa kilogalamu, kenako 5 mpaka 10 mg pa kilogalamu kamodzi pa tsiku kuyambira patatha maola 24. Wa makilogalamu 1.2: woyamba 24 mg, wa tsiku ndi tsiku 6 mg. Botolo la 20 mg pa ml ndiye kuti 1.2 ml ndi 0.3 ml.

Werengani botolo bwino. Ena amalemba caffeine citrate, ena caffeine base, ndipo 20 mg ya citrate ndi 10 mg ya base. Kusokoneza apa n'kupereka theka kapena kuwirikiza kawiri. Mlingo uwerengedwenso sabata iliyonse mwana akamakula, apo ayi amaukulira n'kuyambanso kuiwala kupuma. Mtima ukapitirira 180 mwana ali phee, funsani musanapereke. Timasiya cha m'ma sabata 34 ngati wakhala masiku 5 mpaka 7 osasiya kupuma.

Caffeine akasowa timagwira aminophylline, 6 mg pa kilogalamu koyamba, kenako 2.5 mg pa kilogalamu maola 12 aliwonse sabata yoyamba. Botolo lake ndi 25 mg pa ml, ndiye mlingo wa mwana wathu uja ndi 0.12 ml, wovuta kukoka molondola. Sungunulani 1 ml ndi 9 ml kuti mukhale ndi 2.5 mg pa ml, anthu awiri awerenge. Koma tisanamizane, umboni wa BPD uja ndi wa caffeine, osati wa aminophylline.

Dokotala wa ana:
Dripi nayo. Madzi ochuluka sabata yoyamba amanyowetsa mapapo ndipo amathandiza kuti mtsempha wa ductus, wa pafupi ndi mtima umene umayenera kutseka mwana akabadwa, usatseke. Mwana wa makilogalamu 1.2 pa 80 ml pa kilogalamu ndi 96 ml tsiku lonse, 4 ml pa ola. Pa burette (kabotolo koyezera madzi a dripi) ya madontho 60 pa ml, amenewo ndi madontho anayi pa mphindi. Kagudumu kakangomasuka, 50 ml yalowa pa ola limodzi, theka la tsiku lonse. Mu burette musaike madzi opitirira a maola awiri kapena atatu. Kutsika sikelo ndi 10% kapena kupitirira pang'ono sabata yoyamba n'koyembekezeka. Wokwera sikelo tsiku lachiwiri ndi amene akudetse nkhawa.

Mbali inayo ndi njala. Mapapo samangika ndi dextrose, shuga wa m'dripi. Mkaka wa mayi uyambe tsiku loyamba, ngakhale madontho a woyamba wachikasu uja m'tsaya, CPAP si chifukwa chomumana. Kwezani mpaka 30 ml pa kilogalamu tsiku lililonse ngati mimba ikulola, kufika 160 mpaka 180. Pa 180 mwana akupeza pafupifupi ma calorie 120 pa kilogalamu. Tikufuna magalamu 15 mpaka 20 pa kilogalamu tsiku lililonse akabwezeretsa sikelo yobadwa nayo. Mayi ayambe kufinya m'maola oyambirira, kasanu ndi katatu pa tsiku, usiku womwe.

Mzamba wa ku leba:
Kangaru asadikirenso kuti mwana achoke pa makina. Kafukufuku wa WHO wa mu 2021, amene chipatala cha Queen Elizabeth chinali nawo limodzi ndi zipatala za ku Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, anaika ana a kilogalamu 1 mpaka 1.8 pachifuwa atangobadwa, imfa zinali 12% poyerekeza ndi 15.7%. Machubu amangidwe pa phewa la mayi kuti asakoke mphuno.

Wa makina ku PAM:
Za matenda ndingoti: machubu ndi ma prong obwereza, mukawaviika mu chlorine wa 0.5% mphindi 10, atsukuluzidwe bwino ndi madzi aukhondo, apachikidwe aume mkati momwe. Chlorine wotsalira amawotcha mphuno, chinyezi chotsalira chimaweta tizilombo. Madzi a m'botolo asinthidwe tsiku lililonse.

Kiliniko ofesa wa pa boma:
A Dokotala, nanga mwana wa masabata atatu wosachoka pa okosijeni, dexamethasone kapena furosemide (mankhwala okodzetsa) sangathandize?

Dokotala wa ana:
Dexamethasone wa mwana si chinthu chimodzi ndi wa mayi uja. Woperekedwa sabata yoyamba amachepetsa BPD koma amakweza kulumala kwa ubongo ndi kuboola matumbo, n'chifukwa chake anasiyidwa. Malo ake otsala ndi mwana wopitirira sabata amene wakanirira pa ventilator, mlingo wochepa kwambiri, 0.89 mg pa kilogalamu wogawa masiku 10, katswiri atagamula ndipo makolo atamva. Wa pa ma prong sakumufuna. Furosemide amapepuza tsiku limodzi kapena awiri ngati madzi achuluka, koma sateteza BPD, ndipo wa nthawi yaitali amataya mchere ndi kupangitsa timiyala mu impso. Musanafike ku mankhwala, yezani magazi ngati achepa, mverani mtima, ganizirani matenda, onani sikelo.

Kwa anzathu a zipatala zazikulu: mwana wa pa CPAP ya 6 amene akufuna okosijeni wopitirira 30% ndipo akukwerabe m'maola oyambirira ndi wa surfactant, ngati alipo, wa mtundu wa poractant 200 mg pa kilogalamu. Aperekedwe ndi kachubu kopyapyala mwana akupuma yekha, kapena lowetsani chubu, perekani, tulutsani pomwepo. Akalowa pa ventilator, 4 mpaka 6 ml pa kilogalamu, carbon dioxide wa m'magazi asatsike pansi pa 35 mmHg, ndipo funso la tsiku lililonse pa raundi likhale loti chubu chituluka liti.

Namwino wa ku nazale:
Pochotsa CPAP pamakhalanso kusiyana maganizo. Ena amati maola awiri pa makina, awiri kunja, kuti azolowere.

Dokotala wa ana:
Mapapo sazolowera kuphwa. Ku Australia mu 2012 anayerekeza njirazi, ndipo kuchotsa kamodzi mwana atakonzeka kunaposa kuchotsa n'kubweza. Masiku a okosijeni anachepa. Tsitsani okosijeni kaye mpaka pansi pa 30%, makamaka mpaka mpweya wamba, kenako madzi afike pa 5, mwana akhale wodekha tsiku lathunthu, ndiye chotsani. Akalephera, abwerere masiku awiri musanayesenso.

Kiliniko ofesa wa pa boma:
Pamenepo mpamene pamavuta, chifukwa wina wabadwa kumene akubuula ndipo makina onse ali ndi eni ake.

Dokotala wa ana:
Palibe yankho lokoma. Watsopano wa RDS amapindula kwambiri kuposa wa tsiku la 10 amene ali pa 25%, ndiye nthawi zambiri makina apite kwa watsopanoyo. Koma wochotsedwayo alembedwe kuti wachoka chifukwa cha kusowa kwa makina, ayezedwe pafupipafupi, ndipo kulemba kumeneko ndiko kumapita ku DHMT, akuluakulu a zaumoyo a pa boma, popempha makina ena.

Mphunzitsi wa anamwino:
Zatifikitsa pa kaundula. Kwa mwana aliyense wosakwana magalamu 1500 pakhale mzere umodzi: mayi analandira dexamethasone kangati, kutentha pofika ku nazale, maola kuchokera kubadwa mpaka CPAP, tsiku loyamba caffeine, masiku a okosijeni, ndi mmene alili pa tsiku la 28 ndi pa masabata 36. Kamodzi pa sabata wina atenge ma tchati awerenge kuti mwa ma saturation onse olembedwa a ana a pa okosijeni, angati apitirira 95. Nambala imeneyo ndi imene imasintha msanga, imatike pakhoma. Powerenga BPD muziphatikiza ndi omwalira, apo ayi wodi imene ana ake amamwalira msanga idzaoneka ngati ikuchita bwino.

Namwino wa ku nazale:
Kuyeza kwa pa masabata 36 kuja tizichita motani kuti tonse tifanane?

Dokotala wa ana:
Mwana akhale wodekha, patapita theka la ola atadya, probe ili pomwepo. Tsitsani okosijeni pang'onopang'ono mphindi 5 zilizonse mpaka atheretu, chotsani ma prong, muyang'anireni mphindi 30. Akakhala pa 90 kapena kuposa, alibe BPD, ndipo mwina okosijeniyo sankamufuna kale. Akatsika pansi pa 90 kwa mphindi 5, kapena pansi pa 80 ngakhale kanthawi kochepa, bwezerani n'kulemba. Amene wadutsa muonereninso akuyamwa ndi akugona usiku umodzi asanatuluke.

Mzamba wa ku leba:
Potuluka mayi auzidwe za utsi. Mwana wotere asakhale kumbuyo mayi akuphika pa nkhuni, mbaula isalowe m'chipinda chogona ngakhale mu Juni, wosuta fodya asutire kutali, wa chimfine asamunyamule. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 awerengedwe kuchokera tsiku lobadwa, osadikira kuti akule kaye.

Wa ku famase:
Ndipo m'buku la kusikelo mulembedwe masiku amene anakhala pa okosijeni ndi tsiku lokayezetsa maso, chifukwa akadzabwera ndi chifuwa ku health centre, wolandirayo bukulo ndi lokhalo adzaone.